Chirikizani Manja a Odwazika Matenda

1, 2. (a) Kodi ndani amene kaŵirikaŵiri amaiŵalika panyumba pamene pali matenda aakulu? (b) Kodi zinthu zimasintha motani patsiku la maliro, ndipo zimenezo zimadzutsa funso lotani?

USIKU wafika pakati, ndipo mudzi wonse uli zii. Koma m'nyumba ina nyali ikuyakabe. Mkazi wina wagwada pambali pa mwamuna wake, amene madokotala anamtulutsa m'chipatala miyezi inayi yapitayo atanena kuti kansa yake yafalikira ndipo palibenso mankhwala oichiritsa. Wamtembenuza kuti agonere mbali ina, wachotsa nsalu zonyowa, ndipo tsopano akumnyowetsa milomo ndi kansalu. Kukacha adzachapa, adzaphika phala, adzakonzekeretsa ana kupita kusukulu, ndiyeno adzalandira odzazonda matenda. Aliyense wa iwo adzafunsa kuti, ‘Kodi odwala agona bwanji?’ Ngoŵerengeka amene adzafunsa mmene iye mwini wagonera, kapena ngati wagona nkomwe.

2 Tsiku limene mwamunayo adzatsirizika, zinthu zidzasintha. Pabwalo padzadzaza anthu. Akazi adzafika atasenza ufa, nkhuni ndi madzi. Amuna adzakonza bokosi ndi kukumba manda. Ndalama za chipepeso zidzasonkhedwa, ndipo anansi adzachezera pamaliropo kufikira mbandakucha. Kumeneko ndi kuthandizana koyamikirika, ndipo palibe amene angakunyoze. Komabe, mkazi uja akusoŵa ufa, nkhuni, madzi, ndalama ndi anthu ochezera naye usiku lerolino, ndipo wakhala akuzisoŵa kwa miyezi inayi. Kodi nchifukwa ninji thandizo limene limathamanga munthu atamwalira limachedwa chotero pamene iye akali moyo?

3. Kodi nchifukwa ninji ofuna kuthandiza wodwala ayenera kulingaliranso za womdwazika?

3 Kudwazika munthu amene matenda ake sadzachira ndi ntchito yolemetsa, ndipo nthaŵi zambiri imagwera munthu mmodzi m'banja: mkazi, mwamuna, mwana wamkazi, kapena agogo okalamba. Munthu ameneyo akagwa, wodwalayo amagwa naye limodzi. Chotero amene akufuna kuthandiza wodwala ayenera kuyang'ananso kwa womdwazika. Kuti achite zimenezo mwanzeru, achibale, mabwenzi ndi ziŵalo za mpingo afunikira choyamba kudziŵa kukula kwa mtolo umene iye wasenza, ndiyeno kumsenzako mokhazikika kufikira mapeto.

Mtolo Umene Odzazonda Sauona

4. Kodi kudwazika matenda aakulu kumaphatikizapo ntchito zotani?

4 Wodzazonda matenda amakhala ola limodzi, ndipo amapeza wodwala atasamba ndi kufunda nsalu zoyera. Ntchito ya maola 23 enawo saiona. Munthu amene satha kudzitembenuza yekha amafunikira kumtembenuza pafupifupi maola aŵiri alionse, usana ndi usiku, apo phuluzi amatuluka zilonda pamalo pamene mafupa amatsamira pamphasa kapena pabedi, monga m'chiuno ndi m'zidendene. Mankhwala ena oletsa ululu amamwedwa maola anayi alionse. Palinso kumsambitsa, kumnyamula, kumtayira zonyansa ndi kuchapa, mwinamwake ndi madzi okatunga kutali. Ngakhale kuchipatala ntchitoyo siitha, pakuti m'zipatala zambiri za m'chigawo chino cha Afirika wachibale wodikirira ndiye amadyetsa wodwala, kumsambitsa ndi kumchapira, ndipo usiku amagona pansi pafupi ndi bedi kapena pakhonde.

5, 6. Kodi matenda aatali amakhudza motani (a) chuma cha banja? (b) thanzi la wodwazika?

5 Matenda amadyanso chuma. Baibulo limasimba za mkazi wina amene anadwala zaka 12, natha zake zonse kwa ochiritsa osiyanasiyana, koma osapeza bwino. (Marko 5:25, 26) Mabanja ambiri lerolino amaidziŵa bwino nkhani imeneyo. Wodwala waleka ntchito, ndipo womdwazika sangathenso kupita kumunda, kumsika kapena kuntchito. Ndalama zimathera pa maulendo a kuchipatala, sopo, ndi zakudya zimene wodwala angathe kumeza. M'ma 1990, pamene Edzi inadzaza zipatala za kummwera kwa Afirika, odwala ambiri anabwezedwa kunyumba, ndipo agogo ndi ana asukulu ndiwo anasanduka anamwino. Chiyambire 2004, pamene mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa kwa anthu ambiri m'zipatala za boma ku Malaŵi, Zambia ndi South Africa, imfa za Edzi zachepa kwambiri. Koma kansa, sitiroko, ndi matenda a mtima ndi a impso akugonekabe anthu m'nyumba, ndipo atsikana akulekabe sukulu kuti adwazike makolo awo.

6 Thupi la wodwazika nalonso limafooka. Mu 1999, ofufuza a pa yunivesite ya Pittsburgh ku United States anafalitsa zimene anapeza atatsatira kwa zaka zinayi moyo wa anthu okalamba a zaka 66 kufikira 96. Awo amene anali kusamalira mnzawo wa muukwati wodwala, amenenso ananena kuti ntchitoyo inali kuwapsinja, anali pangozi ya imfa yokulirapo ndi 63 peresenti poyerekezera ndi anzawo amene sanali kudwazika matenda. Zimenezi nzosadabwitsa. Wodwazika amasoŵa tulo, amadya zotsala ali chiimire, amanyamula yekha munthu wamkulu, ndipo amanyalanyaza matenda a iye mwini, monga shuga kapena kuthamanga kwa magazi, poganiza kuti ndi aang'ono.

7. Kodi wodwazika angakhale ndi malingaliro otani, ndipo chochitika cha Mose chimatonthoza motani?

7 Koma mtolo wolemera koposa uli mumtima. Wodwazika amayamba kulira maliro munthu akali moyo, poona amene anali mzati wa banja akusanduka ngati khanda. Wodwala amene akumva ululu angakalipire munthu yemweyo amene akumsamalira, namwetulira alendo. Nthaŵi zina wodwazika amakwiya, kapena amayamba kulakalaka kuti zonsezo zingotha, ndiyeno chikumbumtima chimammenya. Malingaliro otero satanthauza kuti chikondi chatha. Ngakhale Mose, atalemedwa ndi kusamalira mtundu wonse, anadandaulira Mulungu kuti sakanathanso kuusenza yekha ndi kuti kunali bwino angofa. Mulungu sanamdzudzule. Anamuuza kusonkhanitsa amuna 70 oti agaŵane naye mtolowo.—Numeri 11:11-17.

Thayo la Banja, Thandizo la Mpingo

8, 9. (a) Kodi thayo loyamba la kusamalira wodwala nla yani? (b) Kodi thandizo la Aroni ndi Huri linali lotani?

8 Malemba amaika thayo loyamba la kusamalira wodwala pa a m'banja lake. Mtumwi Paulo analemba kuti ana ndi adzukulu ali ndi mangaŵa a chisamaliro kwa makolo awo, ndipo anadzudzula mwamphamvu munthu wonyalanyaza apakhomo pake. (1 Timoteo 5:4, 8) Koma banja si munthu mmodzi. Kaŵirikaŵiri ntchito yonse imatulidwa pa mwana wamkazi amene akukhala pafupi, pamene ena akungofunsa patelefoni. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Nkwanzeru kuti banja likhale pansi matenda asanafike poipa ndi kugwirizana za amene adzapereka ndalama, amene adzachezera wodwala usiku, ndi amene adzapita naye kuchipatala. Ana aamuna nawonso angathe kusambitsa atate awo, kutunga madzi ndi kuchapa.

9 Nanga bwanji mabwenzi ndi mpingo? Talingalirani zimene zinachitika ku Refidimu pamene Aisrayeli anali kumenyana ndi Aamaleki. Mose anaima paphiri atakweza manja, ndipo malinga ngati manjawo anali m'mwamba, Aisrayeli anali kupambana. Koma manja a munthu amatopa. Aroni ndi Huri sanamlande Mose ntchito yake, ndiponso sanangomuuza kuti alimbe mtima. Anampezera mwala woti akhalepo, ndipo aliyense wa iwo anachirikiza mkono umodzi mpaka madzulo, pamene nkhondo inatha. (Eksodo 17:8-13) Thandizo lawo linali la manja, linali logaŵana, ndipo silinathere panjira. Wodwazika matenda amafunikira thandizo la mtundu umenewo.

Thandizo Lotchula Ntchito ndi Tsiku

10. Kodi nchifukwa ninji sikokwanira kungouza wodwazika kuti anene akafuna kanthu?

10 Anthu ambiri amtima wabwino amatsazika ndi mawu akuti, ‘Mukafuna kanthu mutiuze.’ Koma wodwazika kaŵirikaŵiri sanena. Amachita manyazi kupempha, ndipo munthu wotopa kwambiri satha ngakhale kuganiza chimene angapemphe. Wophunzira Yakobo anachenjeza za kufunira mbale mafuno abwino popanda kumpatsa zimene akusoŵa. (Yakobo 2:15, 16) Thandizo lenileni limatchula ntchito ndi tsiku: ‘Mayi, Lachitatu mmaŵa ndidzabwera kudzachapa,’ kapena, ‘Achimwene, Loŵeruka likudzali tidzakupalirirani chimanga.’ Wina angapite kuchigayo, wina kukatenga mankhwala, wina kutenga ana kuti akaswere kwake. Akulu a mpingo angalinganize zimenezi kotero kuti thandizo lisaunjikane mlungu woyamba ndi kuzimiririka mwezi wachiŵiri.

11. Kodi wodwazika angathandizidwe motani kupeza mpumulo?

11 Mphatso imene wodwazika amaisoŵa koposa ndiyo tulo. Pamene mneneri Eliya anataya mtima m'chipululu napempha kufa, mngelo sanayambe ndi kumpatsa uphungu. Anampatsa mkate ndi madzi, namleka agone, ndiyeno anamdyetsanso kachiŵiri. (1 Mafumu 19:4-8) Mofananamo, bwenzi lokhulupirika lingadzipereke kuchezera wodwala usiku umodzi pamlungu, litaphunzira kaye mmene amamtembenuzira ndi nthaŵi za mankhwala ake, kotero kuti wodwazikayo akagone m'chipinda china kufikira kutacha. Maola oŵerengeka masana angampatse mpata wopita kumisonkhano ya mpingo, kumsika, kapena kukaonana ndi dokotala. Nayenso wodwazika afunikira kuvomera. Kupuma sikutaya wodwala. Ndiko kusunga mphamvu zimene wodwalayo adzazifuna maŵa.

12. Kodi odzazonda angapeŵe motani kukhala mtolo wina?

12 Odzazonda ayenera kusamala kuti iwo eni asakhale mtolo wina. Mwamwambo, mlendo sachoka pakhomo osadya, ndipo wodwazika angathere ufa wotsiriza ndi mphamvu zotsiriza pophikira gulu la anthu odzaona wodwala. Mlendo wolingalira bwino amafunsiratu nthaŵi yabwino yofikira, sakhalitsa, ndipo amabwera ndi chakudya chophikaphika m'malo moyembekezera kuphikiridwa. Ngati achibale ochokera kutali agona masiku angapo, iwo ndiwo ayenera kusonkha moto ndi kugwira mthiko. Amene ali ndi chimfine kapena chifuwa angachite bwino kuyembekeza kufikira atachira, pakuti wodwala wofooka sachedwa kutenga matenda ena.

13. Kodi achibale okhala kutali angaphunzirenji kwa Msamariya wa m'fanizo la Yesu?

13 Nanga achibale amene ali kutali, monga ku Johannesburg kapena ku London? M'fanizo la Yesu la Msamariya wachifundo muli mfundo imene ambiri saiona. Msamariyayo sakanatha kukhala ndi wovulala uja kufikira atachira. Chotero anasiyira mwini nyumba ya alendo, amene tsopano anali wodwazika, madinari aŵiri, amene anali malipiro a wantchito a masiku aŵiri, nalonjeza kudzalipira zina zonse pobwerera. (Luka 10:33-35) Sanasiye wodwazikayo chimanjamanja, ndipo sanapite kosabwerera. Wachibale wakutali angatumize ndalama patsiku lodziŵika mwezi uliwonse, ngakhale zochepa, kuti apakhomo athe kulinganiza zinthu. Panthaŵi ya tchuthi angabwere kudzalandira ntchito. Ndipo ayenera kupeŵa kulamula patelefoni munthu amene wakhala akuchezera usiku.

Ululu Ungathe Kuchepetsedwa

14, 15. (a) Kodi chisamaliro chamakono cha odwala mwakayakaya chinayamba motani? (b) Kodi chafika pati mu Afirika ndi padziko lonse?

14 Palibe chimene chimafooketsa wodwazika kuposa kumva wokondedwa wake akubuula usiku wonse iye alibe chochita. Komatu mawu akuti matenda sangachiritsike satanthauza kuti ululu sungachepetsedwe. Mu 1967, Cicely Saunders, amene anali namwino asanakhale dokotala, anatsegula nyumba yosamaliramo odwala mwakayakaya yotchedwa St Christopher's Hospice ku London. Iye anaphunzitsa kuti mankhwala oletsa ululu ayenera kuperekedwa panthaŵi zoikika, osayembekeza kuti ululu ubwerere kaye. Anaphunzitsanso kuti kuvutika kwa munthu kumaphatikizapo mantha, nkhaŵa za banja ndi mafunso auzimu, ndi kuti banja la wodwala nalonso limafunikira chisamaliro.

15 Ntchito imeneyi inafika mu Afirika mu 1979, pamene Island Hospice inayamba mumzinda umene tsopano ndi Harare, ku Zimbabwe, ikumathandiza odwala m'nyumba zawo. Mu 1993 Dr. Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda ku Kampala, kumene ufa wa morphine unayamba kusungunulidwa m'madzi kuti pakhale mankhwala akumwa otsika mtengo, oti wachibale angathe kumwetsa wodwala panyumba. Ku Malaŵi ntchito yofananayo yachitidwa ndi malo monga Ndi Moyo ku Salima ndi Tiyanjane ku Blantyre. Mu 2014 maiko a m'bungwe la World Health Organization anagwirizana kuti chisamaliro chimenechi chikhale mbali ya ntchito za umoyo m'dziko lililonse. Komabe, mu 2020 bungwelo linayerekezera kuti anthu 56.8 miliyoni amachifunikira chaka chilichonse, ndi kuti pafupifupi 14 peresenti okha ndiwo amachilandira.

16. Kodi mabwenzi angathandize motani banja kupeza chisamaliro chochepetsa ululu, ndipo kodi nchifukwa ninji palibe chifukwa chochiopera?

16 Chotero njira ina yothandizira ndiyo kufufuza ngati chipatala chapafupi, cha boma kapena cha mishoni, chili ndi antchito osamalira odwala mwakayakaya, ndi kuperekeza wodwazika kukaonana nawo. Iwo angamphunzitse kunyamula wodwala popanda kudzipweteka msana, kusamalira zilonda, ndi kuthetsa kudzimbidwa kumene morphine amachititsa. Mabanja ena amaopa kuti kulandira chisamaliro chotero ndiko kuitana imfa. Koma kufufuza kumene kunafalitsidwa mu 2010, kokhudza anthu 151 odwala kansa yofalikira ya m'mapapo ku Boston, United States, kunasonyeza zosiyana. Amene anayamba msanga kulandira chisamaliro chochepetsa ululu pamodzi ndi mankhwala a kansa anali kupeza bwinopo, ndipo theka la iwo anakhala ndi moyo kupitirira miyezi 11.6, poyerekezera ndi miyezi 8.9 ya gulu linalo.

17. Kodi nchifukwa ninji nkothandiza kudziŵiratu zimene zimachitika m'masiku otsiriza a wodwala?

17 Nkothandizanso kuti wodwazika adziŵiretu zimene zimachitika m'masiku otsiriza. Wodwala amagona nthaŵi yaitali, amaleka kufuna chakudya ndi madzi, manja ndi mapazi amazizira, ndipo kapumidwe kamasintha, nthaŵi zina kakumadukizadukiza kapena kumveka phokoso pakhosi. Kuleka kudya kumapweteka mtima kwambiri, chifukwa kwa ambiri kudyetsa munthu ndiko kumkonda, ndipo achibale angaimbe mlandu wodwazika kuti akummana chakudya. Zoona nzakuti thupi limene likutha silifunanso chakudya, ndipo kukakamiza kungamtsamwitse wodwalayo. Kumnyowetsa milomo, kumgwira dzanja ndi kulankhula naye mofatsa nkokwanira, pakuti angakhale akumvabe ngakhale kuti sakuyankha.

Mawu Olasa ndi Mawu Olimbikitsa

18, 19. Kodi ndi mawu ndi uphungu wotani umene umawonjezera mtolo wa wodwazika?

18 Mabwenzi atatu a Yobu anayamba bwino. Anachoka kwawo, nakhala naye pansi masiku 7 osanena kanthu. Analakwa pamene anatsegula pakamwa ndi kuyamba kufunafuna tchimo limene linabweretsa tsokalo, ndipo pomalizira pake Mulungu anawadzudzula. (Yobu 2:11-13, 42:7) Lerolino mzimu umodzimodziwo umamveka m'mafunso onga akuti, ‘Munachedweranji kupita naye kuchipatala?’ Umaonekeranso pamene achibale ayamba kunong'ona kuti wodwala analodzedwa, ndipo chala chimaloza mkazi yemweyo amene wakhala akumsambitsa. Pamene ophunzira anafunsa Yesu amene anachimwa kuti munthu wina abadwe wosaona, iye anakana kuimba mlandu munthuyo kapena makolo ake. (Yohane 9:1-3) Otsatira ake sayenera kufunafuna munthu woti amsenzetse mlandu wa matenda.

19 Ena amalemetsa banja ndi uphungu wa mankhwala. Aliyense wamva za sing'anga, za mankhwala azitsamba a m'botolo, kapena za wopempherera anthu amene amati amachiritsa kansa, ndipo banja lothedwa nzeru lingagulitse ng'ombe kapena munda pothamangira zimenezo. Wodwala amavutika ndi maulendo, ndipo ana amatsala opanda kanthu. Zosankha za chithandizo nza wodwalayo ndi a m'banja lake, atamva zimene madokotala anena. Bwenzi labwino limalemekeza zosankhazo, ndipo silichititsa wodwazika kuganiza kuti chikhulupiriro chake nchochepa chifukwa chakuti wodwala sakuchira. Ngakhale mtumwi Paulo panthaŵi ina anasiya mnzake Trofimo akudwala ku Mileto.—2 Timoteo 4:20.

20. Kodi bwenzi lingalimbikitse motani wodwazika?

20 Nanga munthu anene chiyani? Kaŵirikaŵiri mawu oŵerengeka ngokwanira. Angakhale pansi ndi wodwazika panja, kumene wodwala sakumva, ndi kufunsa kuti, ‘Nanga inuyo mukupeza bwanji?’ ndiyeno kumvetsera popanda kumdula mawu. Akalira, amleke alire. Akatulutsa mawu oŵaŵa, akumbukire mkazi wa Yobu, amene anali atafedwa ana 10 ndipo tsopano anali kuona mwamuna wake ali zilonda zokhazokha. Mawu ake anali a munthu wosweka mtima. (Yobu 1:2, 18, 19; 2:7-10) Zimene wodwazika waulula siziyenera kukamveka kumsika, ndipo dzina la matenda nla eni ake kulitchula. Kumuyamikira pa ntchito imene akuchita, ndi kumtchula dzina popemphera m'malo motchula wodwala yekha, kumamtsimikizira kuti sanaiŵalidwe.

Kukonza za Panyumba Nthaŵi Ikalipo

21, 22. (a) Kodi kulankhula moona mtima za imfa kumapindulitsa motani wodwala ndi womdwazika? (b) Kodi wodwazika angatetezeredwe motani pankhani ya chuma?

21 M'madera ambiri kulankhula za imfa munthu akali moyo kumatengedwa ngati kumfunira zoipa. Komabe, pamene Mfumu Hezekiya anadwala kwambiri, mneneri Yesaya anamuuza kukonzeratu za banja lake. Kholo lakale Yakobo anauziratu ana ake kumene anafuna kuikidwa. Ndipo Yesu, ali pafupi kufa, anaikiza amayi ake kwa wophunzira wake wokondedwa. (2 Mafumu 20:1, Genesis 49:29-32, Yohane 19:26, 27) Wodwala amene akudziŵa zoona ponena za matenda ake amapeza mpata wotsazika, wokhululukira ena ndi wopempha chikhululukiro. Nayenso wodwazika amamasuka ku ntchito yotopetsa ya kunamizira tsiku ndi tsiku kuti zonse zili bwino. Munthu wachikulire wodalirika angathandize banja kuyamba nkhani imeneyi mwaulemu, mosapitirira zimene wodwalayo ali wokonzeka kumva.

22 Nkhani imodzi yosayenera kuizengereza ndiyo ya chuma. Akazi amasiye ambiri, atadwazika amuna awo kwa miyezi yambiri, alandidwa nyumba ndi katundu ndi achibale amene sanaonekeko panthaŵi ya matenda. Maiko aika malamulo oletsa zimenezi, monga lamulo la Zambia la 1989 lonena za chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo, ndi lamulo la Malaŵi la 2011 lonena za chuma cha masiye. Koma chitetezo chabwino koposa ndicho wilo yolembedwa wodwala akali wokhoza kuganiza bwino, yosainidwa pamaso pa mboni monga mmene lamulo la dzikolo limafunira. Mabwenzi angathandize kupeza munthu wodziŵa malamulo, ndipo Akristu sayenera konse kupezeka pakati pa olanda za amasiye.

Maliro Atatha

23. Kodi nchifukwa ninji wodwazika amafunikirabe chichirikizo maliro atatha?

23 Tsiku la maliro likadutsa anthu amabalalika, ndipo wodwazika amatsala m'nyumba ya zii. Manja amene anali otanganidwa usana ndi usiku alibenso chochita, komabe iye amadzidzimukabe pa ola la mankhwala. Mtima wake ungakhale pansi poona kuti kuvutika kwatha, ndiyeno nkuchita manyazi ndi malingaliro amenewo. Angayambe kudzifunsa ngati panali china chimene akanachita. Ngongole zatsala, munda wamera thengo, ndipo matenda ake amene ananyalanyaza angabuke. Imeneyi ndiyo nthaŵi yoti mabwenzi abwerere: mlungu wotsatira, mwezi wotsatira, ndiponso chaka chikakwana. Iye afunikira kumva kwa amene anaona ntchito yake kuti anachita zonse zimene munthu angathe.

24. Kodi ndi mbali iti ya mtolo wa wodwazika imene ena angasenze, ndipo ndi liti?

24 Mabwenzi sangachotse kansa ya mwamuna wotchulidwa kuchiyambi uja, ndipo sangaloŵe m'malo mwa mkazi wake. Mtumwi Paulo anasonyeza kuti pali katundu amene munthu aliyense ayenera kusenza yekha, komanso pali zolemetsa zimene Akristu ayenera kusenzerana. (Agalatiya 6:2, 5) Malo a mkaziyo pambali pa mwamuna wake ngake. Koma nsalu zochapa, munda, ulendo wa kuchigayo ndi usiku wa Lachisanu zingathe kugaŵidwa. Pafupifupi mumpingo uliwonse muli nyumba imene nyali imayaka usiku wonse. Amene akudziŵa kuti adzapita kumeneko ndi ufa ndi nkhuni patsiku la maliro angachite bwino kupita nazo mlungu uno.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi ndi mitolo yotani ya wodwazika imene odzazonda saiona?

□ Kodi chitsanzo cha Aroni ndi Huri chimasonyeza thandizo la mtundu wanji?

□ Kodi chisamaliro chochepetsa ululu chimathandiza motani banja lonse?

□ Kodi ndi mawu otani amene ayenera kupeŵedwa panyumba ya matenda?

□ Kodi nchifukwa ninji mabwenzi ayenera kubwereranso maliro atatha?